Masiku Anayi a Achimwene

Ku ndende, kufupi ndi Dundee
14 Okutobala 2025

Wokondedwa mlongo wanga Ketrina,

Ndikhulupirira uli bwino ku Govanhill kumeneko, ndiponso kuti ntchito yosamalira okalamba ija sikukupweteka msana. Ine ndilipo. Iyi ndi kalata yakhumi ndi chiwiri chilowereni muno. Sindikuwerengera kuti uchite manyazi ayi, kungoti muno munthu umawerenga chilichonse, ndi mbalame za pa waya zomwe.

Mwezi watha anandisamutsa. Kuno kulibe mpanda wautali ngati kuja ndinali. M'mawa timagwira ntchito. Ine ndili kumunda, ndikukumba kachewere ngati mwana wa ku Ntcheu weniweni.

Nkhani ndi iyi. Amene atsala pang'ono kumaliza, ngati akhala bwino, amaloledwa kupita kunyumba masiku ochepa n'kubwereranso okha. Andiuza kuti ndikhoza kupempha masiku anayi a Khirisimasi, kuyambira pa 23 mpaka pa 27. Koma munthu sangotuluka ngati nkhuku. Pamafunika adiresi ya m'bale, ndipo mwini nyumbayo avomere. Nyumba yanga ya ku Dennistoun ukudziwa kuti inapita. M'dziko muno m'bale wanga ndiwe wekha. Ndalemba adiresi yako pa fomu.

Ndikudziwa, ndikanayamba ndakufunsa. Koma fomu inkafunika msanga, ndipo ndinadziwa kuti suyankha. Kubwera mayi wina, dzina lake Jessica, wa ku ofesi yoona za akaidi ndi mabanja awo, kudzaona nyumba ndi kucheza nawe. Malamulo ake ndi ambiri: mowa ayi, galimoto ayi, seveni koloko izikwana ndili m'nyumba. Ndidzagona pansi, sindidzakuvutitsa.

Amayi ndawauza dzulo pa foni, koma mphindi zinali zochepa, ndipo netiweki ya kwathu ukuidziwa. Analira kwambiri.

Za malemu mlamu wanga Reuben, mwamuna wako, sindilemba. Zonse ndinalemba kale m'makalata enawo, kaya unawatsegula.

Ine mlongo wako,
Dunstan Zangaphee

Ntcheu
22 Okutobala 2025

Mwana wanga Ketrina,

Wadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa likuwotcha ngati tinalakwira. Ndalemba pa pepala monga unanenera, poti pa foni timangokalipirana. A Vainess, anzanga a ku mvano, ajambula ndi foni yawo n'kukutumizira.

Mwana wanga, Mulungu sagona! Achimwene ako andiuza kuti akutuluka pa Khirisimasi. Ndinagwada pomwepo pakhonde. Kani nakonso mfumu yawo imakhululukira akaidi pa chikondwerero, monga amachitira kuno? Chaka chija anatulutsa mwana wa a Gwanda amene anaba mbuzi, tinamumva dzina pa wailesi. Ine ndinkati azungu sadziwa zimenezi. Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi n'kuthokoza, amayi a mvano analulutira mpaka abusa anachita kuwaletsa.

Tsopano mvera. Munthu wochokera kundende salowa m'nyumba chilowelowe. Umusambitse kaye panja, zovala zimene watuluka nazo uzitenthe, asalowe nazo. Tsitsi amete. Ndikudziwa kuti ndife opemphera, koma agogo ako ankatero ndipo sitinaone cholakwika. Akalowa umuphere nkhuku, yamoyo ngati ikupezeka, osati zozizira za m'sitolo zija.

Ndipo pa tsiku la Khirisimasi ndikufuna chinthu chimodzi chokha. Nsalu ndili nazo, shuga ndili naye. Ndikufuna ndikuoneni nonse awiri pa foni imodzi, mutakhala mpando umodzi. Zaka zitatu sindinaone nkhope ya mwana wanga.

Ndikudziwa kuti mtima wako udakali ndi bala. Reuben anali mwana wanga nanenso. Koma boma likakhululuka, ife ndife yani?

Undiyankhe msanga, undiuzenso ngati chifuwa chija chinatha.

Ndine mayi ako,
Tereza

Govanhill, Glasgow
2 Novembala 2025

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, chifuwa chinatha. Kuno kwayamba kuda folo koloko, mvula ndiye yosayamba yosatha.

Mubwerere kutchalitchi mukawauze amayi a mvano abweze nthungululu zawo. Palibe mfumu yakhululukira munthu. Achimwene sakutuluka, akubwerekedwa. Masiku anayi, kenako akwere basi abwerere okha kukamaliza chaka ndi theka chimene chatsala. Ndi mmene amachitira kuno, ati mkaidi ayambe kuzolowera kunja pang'onopang'ono, ngati mwana woyamula.

Zosambitsa panja zija ndaseka ndekha. Amayi, ndimakhala pamwamba, masitepe makumi asanu ndi anayi kuchokera pansi. Panja panga ndi pamalo a mabini a zinyalala. Ndikavula munthu pamenepo mu Disembala n'kuyatsa moto wotentha zovala, kundende tipita awiri.

Koma chimene chandinyansa si chimenecho. Achimwene alemba adiresi yanga asanandifunse. Kwa inu auza asanamve yankho langa, kuti ndikakana ndikhale ine mfiti ya ku Ntcheu konse. Ndi khalidwe lawo lomwe lija: kuyamba achita, kupepesa pambuyo.

Nyumba imene alembayo ndi ya Reuben. Iye ndi amene anaipeza, iye ndi amene anapenta khitchini mtundu wachikasu woipa uja. Jekete lake lidakali kuseri kwa chitseko. Munthu amene anamwa mowa n'kuyendetsa galimoto, n'kukaomba khoma mwamuna wanga ali m'kati, akufuna adzagone pansi pa jekete limenelo n'kudya nkhuku. Ndiye ndifunse, Reuben akumupatsa masiku angati? Atuluka pa 23 nayenso?

Kutchalitchi kwathu kuno nkhani yafika kale, kaya wanena ndani. Titaweruka Lamulungu, pa tiyi, anthu anagawikana. Ena ati mkaidi ndi mkaidi, Khirisimasi imupweteke ndiye chilango chake. Ena ati munthu ukamutsekera zaka zisanu n'kudzamutaya pamsewu tsiku limodzi, umatulutsa chilombo. Onse akunena zoona, ndipo onse akakangana amapita kwawo kukagona bwinobwino. Palibe amene adiresi yake ili pa fomu.

Za fomuyo sindinayankhebe. Mayi wa boma uja akubwera pa 17.

Mwana wanu,
Ketrina

Ntcheu
10 Novembala 2025

Ketrina,

Moni. Mvula yoyamba yagwa Lachinayi, tadzala kumunda wa kumtunda.

Kalata yako a Vainess andiwerengera kawiri, poti maso anga anakana. Manyazi ndachita, koma kutchalitchi sindinabweze mawu. Ndangowauza kuti mwana akubwera kudzapuma. Kuti munthu atuluke m'ndende n'kubwereramo ndi miyendo yake, kuno palibe angamvetse. A Gwanda ati ikanakhala ndende ya kuno, pa 27 akanabwerera alonda okha.

Koma lilime lako, mwana iwe! Unatengera azakhali ako. Ine ndakubereka, ungandiuze zobweza nthungululu?

Masiku anayi kaya zaka zinayi, Dunstan ndi mkulu wako. Bambo ako atamwalira, ndi iye anasiya koleji n'kupita kunjako kuti iwe umalize Fomu 4. Ndi iye anakudziwitsa kwa Reuben. Analakwa, inde, kulakwa kwakukulu, ndipo akulipira. Koma kwathu kuno mlongo wamng'ono satsekera mkulu wake chitseko. Mkulu akapempha, wamng'ono amapereka, zokambirana zimabwera pambuyo m'nyumba. Ndinakuphunzitsa choncho kuyambira ukukwawa. Chibale ndi fupa, sichiola.

Amalume ako ndawafotokozera. Ati ukakana, anthu a ku Ntcheu amene ali kumeneko adzatinena mpaka kumanda. Dunstan anandiimbira Lachisanu, ndamuuza kuti asadandaule, Ketrina ndi mwana womvera, ndikamulamula ine avomera.

Tsono mzunguyo akabwera pa 17, uvale bwino, umupatse tiyi, uvomere. Usandichititse manyazi kawiri.

Mayi ako

Govanhill
19 Novembala 2025

Amayi,

Muli bwanji? Ndakondwa kuti mwadzala.

Mwati mkulu akapempha, wamng'ono amapereka. Khalani pansi, a Vainess awerenge pang'onopang'ono, chifukwa ichi sindinakuuzeni, ngakhale kukhoti sichinanenedwe.

Tsiku lija tinali ku paki, Amalawi a kuno tikukondwerera ufulu wa dziko lathu. Kunali masana, dzuwa lili phwee, nyama ikuwotchedwa. Ndinaona achimwene atamwa mabotolo asanu, ndinawerenga. Makiyi a galimoto anawasiya pa tebulo, ine ndinawatenga n'kuika m'chikwama changa. Atafuna kupita kukatenga makala ena ku Pollokshields, ndinati, "Achimwene, simuyendetsa." Anakuwa anthu onse akumva: "Kamwana kamene ndinakasintha matewera kakundilanda makiyi?" Anthu anaseka. Kenako a Goodwill, akulu a mpingo, anabwera n'kundigwira paphewa. Anati, "Mwana wanga, usawachititse manyazi akulu ako pagulu. Apatse, mukakambirana kunyumba."

Amayi, ndinatsegula chikwama. Ndinapinda maondo monga munandiphunzitsira, n'kupereka ndi manja awiri. Reuben anandinong'oneza kuti, "Usadandaule Keti, ndikwera nawo ndiziwayang'anira." Ananyamula chidutswa cha soseji n'kumapita akudya. Mphindi khumi zokha.

Ati mawu a akulu akoma akagonera. A a Goodwill agonera zaka zitatu, sanakomebe. Iwo amandipatsa moni Lamulungu lililonse ngati palibe chinachitika, mwina anaiwala. Ine ndikamasambitsa agogo a kuntchito ndimaona manja angawa. Ndinamvera, Amayi. Mwana womvera uja ndi ameneyu, wamasiye wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Jessica anabwera Lolemba. Tiyi ndinamupatsa. Ndi mayi wamkulu ndithu, anakwera masitepe akupuma ngati ng'ombe. Anaona chipinda, anaona jekete, anaona chithunzi cha ukwati. Anati mapepala ake akusonyeza kuti ndine mlongo wa mkaidi komanso mkazi wa womwalirayo, ndipo zotere sanakumane nazo kawirikawiri. Kenako anandifunsa funso limene palibe m'bale anandifunsapo: "Kodi pali amene akukukakamizani?" Ndinatsala pang'ono kumuonetsa kalata yanu. Anati ndikati ayi, ndi ayi, sadzafunsa chifukwa, ndipo achimwene adzangouzidwa kuti nyumbayo siyoyenera.

Ndinamufunsa ngati iye amaona kuti n'chilungamo kutulutsa anthu otere pa chikondwerero. Anati zachilungamo anaweruza kale ndi akhoti, iye amangodziwa kuti tsiku lina munthuyo adzatuluka ndithu, kaya tifune kaya tisafune, ndipo ndi bwino ayambe waphunzira kugogoda pakhomo la munthu. Ndinamuperekeza pakhomo. Koma mawuwo andikhala.

Wandipatsa mpaka Lachisanu pa 28. Koyamba chimwalirireni Reuben, chinthu chili m'chikwama changa ndipo palibe angandigwire paphewa. Ndisiyeni ndiganize. Musandilamule.

Ketrina

Ku ndende
20 Novembala 2025

Keti,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno chisanu chayamba, kumunda nthaka yauma gwa.

Amayi andiuza kuti akulamula uvomere. Ananena mosangalala, akuganiza kuti akundithandiza. Nditaika foni ndinakhala pabedi osadya. Ndinakuona uli ku paki, wapinda maondo, makiyi ali m'manja awiri. Nkhope yako ya tsiku limenelo ndimaiona kuposa khoma lija. Loya wanga ankafuna kuti za makiyi zinenedwe kukhoti, ati zionetsa kuti anthu ena anandilola. Ndinakana. Sunandilole, ndinakulanda, kungoti ndinakulanda ndi ukulu m'malo mwa manja.

Ndipo ndaona kuti ndachitanso chomwecho. Ndinalemba adiresi yako, ndinauza amayi, tsopano mudzi wonse wakuzungulira kuti upereke.

Choncho lero ndapita ku ofesi ndauza kuti pempho langa lichotsedwe. Andifunsa katatu ngati ndatsimikiza, chifukwa mayina a Khirisimasi akutsekedwa ndipo sindingabwezerenso. Ndasaina. Tsopano palibe chimene uyenera kuyankha. Sukana mkulu wako, ndipo suvomera mokakamizidwa. Amayi ndiwauza ndekha kuti ndine ndasintha maganizo.

Khirisimasi ya muno si yoipa kwambiri. Amatipatsa nkhukundembo ndi chipewa cha pepala.

Dunstan

Govanhill
27 Novembala 2025

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa. Muli bwanji?

Kalata yanu yayenda masiku asanu ndi limodzi, yafika dzulo. Jessica anaimba Lachiwiri ndili kuntchito, ndinaona nambala sindinayankhe, ndinkati akundifulumizitsa. Ndiye sabata yonseyi ine ndakhala ndikusenza mtolo umene munautaya kale.

Mukudziwa zimene ndachita sabata imeneyi? Ndatsegula makalata anu khumi ndi limodzi aja. Anali m'thumba la Reuben la masewera, pansi pa bedi. Ndawerenga onse motsatana, ena kawiri. Ndinapita kumanda Lamulungu, mvula ikugwa, ndinaima pamenepo ngati chitsiru kumufunsa munthu amene sangayankhe. Ndinayeza pansi pabalaza ndi mapazi kuona ngati matiresi angakwane pakati pa mpando ndi tebulo. Amakwana. Kenako ndinadzikwiyira kuti ndayezeranji. Lolemba ndinali pa ayi. Lachiwiri ndinali pa eya. Ndinali ndisanafike, koma ndinali pa ulendo, ndipo unali ulendo wanga.

Ndiye inu mwakhala pabedi lanu, mwamva chisoni, mwasaina. Mwandiganizira. Ndani anakupemphani? Polemba adiresi simunandifunse, pofufuta simunandifunsenso. Mwaona kuti makiyi ali m'chikwama changa, mwabwera mwaulemu, mukulira, n'kuwatenganso. Ndipo mukuyembekeza kuti ndithokoze.

Mumaopa kuti ndikana, nenani zoona. Kuchotsa nokha n'kosavuta kusiyana ndi kumva kamwana ka matewera kakuti ayi. Tsopano ku Ntcheu muli ngwazi yodzichepetsa, ine ndidakali mfiti, ndipo funso limene ndinkafuna kudziyankha ndekha latsala m'khosi ngati munga wa nsomba.

Kukhoti simunanene za makiyi. Ndawerenga, ndamva. Sindikudziwa ngati munanditeteza kapena munandisiya nazo ndekha zaka zitatu. Mwina zonse ziwiri.

Idyani nkhukundembo yanu. Chipewacho muvale.

Ketrina

Ku ndende
28 Disembala 2025

Keti,

Moni wa chikondwerero, ngakhale wachedwa. Ndinayamba kukuyankha kanayi, kanayi konse ndinang'amba. Kalata yako yoyamba m'zaka zitatu, yonditukwana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo.

Wanena zoona. Ndinaopa. Chisoni chinaliponso, koma mantha ndiwo anagwira cholembera.

Pa 23 ndinaima pazenera kuona anzanga akukwera basi, aliyense ndi kachikwama. Tinatsala ochepa, opanda adiresi. Dzulo abwerako. Ndinkaganiza kuti abwera akuseka, koma ayi. Mnzanga wa chipinda choyandikana, bambo wa ana awiri, wandifotokozera lero m'mawa. Ati mwana wake wamng'ono anamufunsa mayi ake kuti mlendoyu apita liti. Ati anaima m'khitchini mwake momwe kudikira kuti wina amuuze kuti akhale pansi. Ndipo pobwerera, pa siteshoni ya mabasi ya Buchanan ku Glasgow, palibe anamugwira dzanja, anakwera yekha. Ati chilango chenicheni anachimva pamenepo.

Ine ndinkaona masiku anayi aja ngati mphatso, ngati nkhuku ya amayi ndi bedi lofewa. Tsopano ndikuona kuti muno ndabisala. Muno ndine wa kumunda wakhalidwe labwino, palibe amadziwa Reuben. Kwa iwe ndikanaona jekete lake limene amayi anandiuza. Kumaliro ake sindinafike, ndinali m'chipatala apolisi ali pakhomo. Manda ake sindikuwadziwa. Kaya anthu ngati ine tiyenera kutulutsidwa pa chikondwerero, sindingaweruze, ndine mwini mlandu. Ndikungodziwa kuti chimene ndinathawa pa 20 Novembala si chisangalalo.

Sindikupempha kanthu m'kalata ino. Ndaphunzira pang'ono.

Dunstan

Ntcheu
30 Disembala 2025

Mwana wanga Ketrina,

Uli bwanji? Chimanga chafika m'maondo. Khirisimasi tinadya mpunga ndi a Vainess, foni ndinaiika pa tebulo tsiku lonse ngakhale ndinkadziwa kuti Dunstan sabwera. Iwe unaimba madzulo, mphindi zitatu, za mvula zokhazokha. Ine ndinalephera kuyamba, iwenso unalephera.

Ndakhala mwezi ndi masabata osakulembera. Sikuti ndinakwiya. Kalata yako ya makiyi ija a Vainess anaiwerenga mpaka pa manja awiri, anaima, sanathe. Ndinamaliza ndekha ndi maso anga oipawa.

Ndinakuphunzitsa kupinda maondo uli ndi zaka zinayi. Ukapereka chinthu ndi dzanja limodzi ndinkakumenya pa dzanjapo. Ndinkanyadira anthu akamati mwana wa a Tereza ndi waulemu. Sindinakuphunzitse tsiku loti ukane. Amayi anga sanandiphunzitse, nanenso sindinalidziwe. A Goodwill akowo sindiwadziwa, koma ndikanakhala pa pakipo, amene akanakugwira paphewa ndine.

Ulemu sindikuutaya, ndakalamba nawo. Koma amalume ako atabwera kudzafunsa kuti mwana uja wavomera kodi, ndinawauza kuti nyumba ndi ya Ketrina, achite kufunsa mwini wake. Anandiyang'ana ngati ndaledzera.

Chinthu chimodzi chokha undiuze, ngati ufuna. Achimwene ako akanapanda kuchotsa, Lachisanu lija ukanati chiyani? Sindikulamula. Ndikungofunsa.

Zosamba zija usiye, ndamva za mabini.

Mayi ako,
Tereza

Govanhill
6 Januwale 2026

Achimwene,

Mwalowa bwanji chaka? Ine ndinagwira ntchito pa Khirisimasi, ndinasinthana ndi mnzanga wa ana. Agogo ena a zaka makumi asanu ndi anayi anandiveka chipewa cha pepala, ndiye tonse tinavala.

Amayi andifunsa kuti ndikanayankha chiyani. Ndawauza zoona, sindikudziwa, ndipo sitidzadziwa. Khirisimasi imeneyo munaitaya nokha, ndipo amayi anakhala tsiku lonse akuyang'ana foni. Chimenecho muchisenze, ine sindikuthandizani.

Musaganize kuti ndakhululuka. Ndikauza munthu kuti ndakhululuka ndimafuna zikhale zoona, ndipo lero si zoona. Mwina chaka chamawa, mwina ndili ndi imvi.

Dzulo ndinamuimbira Jessica. Ati mukhoza kupemphanso, ndipo ngati zonse zili bwino zikhoza kugwera pa Pasaka. Ndiye mverani, ndipo muwerenge bwino, chifukwa mukulamulidwa ndi wamng'ono.

Tengani fomu. Lembani adiresi yanga, pano ndanena ndine. Mukalemba musakafufute, kaya mulote chiyani. Amayi musawauze, amalume musawauze, ndidzanena ndekha.

Masiku anayi ayi, awiri. Tsiku loyamba ndidzakuchingamirani ku Buchanan, ndipo sitidzapita kunyumba. Tidzakwera basi mpaka kumanda. Mudzaima pamenepo, mudzawerenga dzina ndi zaka. Zimene mudzamuuze ndi zanu, ine ndidzaima patali. Ndamufunsa Jessica, ati n'zololedwa ngati ine mwini ndafuna.

Lamulungu la Pasaka tidzapita kutchalitchi. Mudzakhala pambali panga, ndipo pa tiyi tidzapita kwa a Goodwill tonse awiri. Sindikawatukwana, musaope. Ndikufuna mudzawauze, ine ndili pomwepo, kuti tsiku lija wamng'ono ndiye ankanena zoona. Akamva zimenezo mwina tsiku lina adzasiya phewa la mwana wa wina.

Jekete silichoka kuseri kwa chitseko. Mudzagona pabalaza, matiresi amakwana. Foni ya amayi tidzaimba, koma za mpando umodzi ndidzaona tsiku lomwelo.

Amayi ati zosamba tisiye. Ine sindisiya zonse. Kwathu pochokera kumanda timasamba m'manja tisanalowe m'nyumba, ndipo inu maliro aja simunasambe. Tikadzafika, ine ndidzakwera ndekha. Inu mudzatsala pansi, muwerenge mpaka zana, poti kuwerenga mwazolowera. Kenako mukwere masitepe makumi asanu ndi anayi aja. Pakhomo mudzapeza beseni ndi madzi ofunda.

Makiyi a nyumba sindikupatsani, ngakhale a masiku awiri. Mukasamba m'manja mudzagogoda, ndipo mudzadikira.

Mlongo wanu wamng'ono,
Ketrina